Agogo a Kampasi ndi Chitsulo cha Pakati pa Dziko

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga. Dzina lawo anali a Dinesi, koma kuno kwathu, kumtunda kwa Njuli, aliyense ankawatchula a Kampasi. Pakhomo palibe amene wakumbutsa za tsikuli. Mayi anadzuka, anasesa pabwalo, n'kupita kukathyola nandolo. Ine ndiye ndati ndilembe, chifukwa pakamwa sinditha kufotokoza bwino, komanso ndikuopa kuti ndikachedwa ndidzayamba kuwakometsa, monga timachitira ndi anthu akufa.

Sanafere kuno. Anafera kwawo, cha ku Magomero, m'kakhitchini ka mwana wa mlongo wawo, ndipo anaikidwa komweko. Chimene ankafuna iwo chinali chimodzi: kukhala pakhomo pano mpaka imfa, n'kudzagona pambali pa akazi awo, anganga anga a Esinati, kumanda a mbumba yathu. Koma anali mkamwini. Kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi. Munda ndi wa kuchikazi, manda ndi a kuchikazi. Mkazi akatsogola, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, pokhapokha ana ake atamunenera kuti akhale. Agogo anatsala ndi mwana mmodzi wamoyo, mayi anga a Feliya. Mayi sanawanenere.

Dzina la a Kampasi linachokera ku kanthu kamene anabwera nako kuchokera ku migodi ya ku Joni, kumene anakagwira ntchito ali mnyamata. Kanali kampasi, kabokosi kozungulira ka mkuwa, ka galasi pamwamba, m'kati muli kasingano konjenjemera. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatuluka nako n'kukaika pa mwala wafulati umene unali pafupi ndi khonde lawo. Ankagwada n'kudikira kuti kasinganoko kaime. Kakaima ankagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti odwala agona bwino, kenako n'kukakulunga m'sokosi yakale. Nthawi imeneyi panalibe wololedwa kudutsa pafupi atanyamula khasu, mpeni, ngakhale sipuni. Ine ndili wamng'ono ndinadutsapo ndikunyambita sipuni ya phala. Kasingano kanapotoloka kunditsatira. Agogo anandilanda sipuniyo n'kundimenya nayo pa zala mpaka zinachita dzanzi. Sanakalipe. Atamaliza anaibwezera m'manja mwanga n'kundifumbatitsa ndi dzanja lawo.

Ankakonda kunena kuti kasingano kameneka sikaopa mfumu, sikaopa mbusa, sikaopa boma, kamangomvera chimene chili pansi pathu. Ankati pakati penipeni pa dziko pali chitsulo chambiri, choti phiri la Chiradzulu ndi la Mulanje pamodzi n'kamchenga chabe, chotentha mpaka kusungunuka ngati phala, ndipo chitsulocho ndiye chimachititsa kuti kasingano kaziloza mbali imodzi tsiku ndi tsiku. Izi anazimva kwa mzungu woyeza miyala amene iwo ankamunyamulira zida pansi pa mgodi. Kampasiyo akuti anawapatsa ndi yemweyo. Anganga ankati anaba.

Chimene ankanyadira kwambiri si mawu a mzunguyo ayi, koma kuti iwo anakhudza okha mwala wotentha. Ankafotokoza za chikepe chimene chinkawatsitsa mpaka makutu kutseka. Ankati kumeneko ukaika dzanja pa mwala umamva ngati wakhudza chiwaya, thukuta linkadzaza m'majombo, amuna amphamvu ankakomoka, ndipo akanapanda kuwapopera mphepo yozizira kuchokera kumwamba onse akanapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Ukamatsika, kutentha kumawonjezeka. Anthu a kuno ankawanena kuti amalima pa chivundikiro cha mphika koma osadziwa. Ku mgodiko anabwerako ndi kampasi, malata a nyumba yawo, ndi chifuwa chosatha chimene chinkawadzutsa m'mawa tambala asanalire.

Mdani wawo wamkulu anali a Lufeyo, mlongo wawo wa anganga, amene mayi amawaitana kuti atsibweni. A Lufeyo ndiwo mwinimbumba wathu, komanso ndi dikoni kutchalitchi. Anthu awiriwa sankatha kukhala pa mphasa imodzi osakangana. Ndikukumbukira tsiku lina pa chinkhoswe cha kwa aneba, amuna atakhala pamthunzi kudikira chakudya.

"Alamu," anatero a Lufeyo, "moto umene mumaunenawo ife tinaudziwa kale. Ndi Gehena. Inuyo munangotsala pang'ono kulowa."

"Gehena? Ine ndinatsikako, alamu. Satana sindinamupeze. Ndinapeza Mshangani wina, mnzathu wa pamgodi, atakhala pa ndowa akumwa mahewu."

"Ndiye mukutsutsa Baibulo?"

"Ndikutsutsa inuyo, munthu woti dzenje lalikulu limene munakumbapo ndi chimbudzi. Nachonso chinagwa."

Amuna anaseka mpaka ena kugona chagada. Agogo mumpingo anali atawadula kalekale, ndiye analibe choopa. Ndipo mkangano uliwonse wotere unkatha chimodzimodzi. Agogo ankakweza mawu n'kunena kuti, "Funsani Feliya! Feliya, auze atsibweni akowa, pansi pamatentha kapena sipatentha?" Mayi, kaya akusinja, kaya akutsuka mbale za pachinkhoswe, ankayankha osadzutsa mutu, "Pamatentha, bambo." Ndinakula ndikumva zimenezi. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala ya pabanja pathu.

Ndi anganga ankakangana za munda. Agogo ankafuna kuti mizere iziyenda motsatira kumene kasingano kaloza. Munda wathu ndi wotsetsereka, ndipo kasingano kamaloza kumunsi, kudambo. Chaka china anaunda mizere yawo choncho anganga ali kumaliro kutali. Mvula yoyamba inatenga nthaka, mbewu ndi feteleza n'kukazitula m'munda mwa a Lufeyo, amene chaka chimenecho anakolola bwino. Anganga anawatukwana mwezi wathunthu. Koma a Lufeyo atabwera kudzanena kuti mkamwini ameneyu akuononga nthaka ya makolo ndipo azipita, anganga anawayankha ataimirira pakhomo kuti munthu ameneyu anamusankha okha maso ali otsegula, ndipo iwo ali moyo palibe amukhudze. Ankanena zimenezi kawirikawiri. Ankanena ngakhale masiku amene agogo awakana nsima n'kuitaya kwa nkhuku chifukwa choti yazizira.

Ine agogo ankandiitana kuti Namanyazi. Dzina langa lenileni sindikukumbuka atalitchulapo. Pakakhala alendo ankakonda kundifunsa funso, ndikayamba kuchita chibwibwi iwo n'kumandiyeseza mpaka ndithawe. Komabe ndinkafuna kuti tsiku lina ndidzawasangalatse. Nditafika ku sekondale ndinapeza m'buku la jogalafe chithunzi cha dziko litadulidwa pakati ngati dzira lowiritsa. Ndinabwereka bukulo n'kupita nalo pakhonde pawo. Nthawi imeneyo anganga anali atafa kale ziwalo mbali imodzi, ali gone m'nyumba, osalankhula.

Ndinawawerengera pang'onopang'ono, ndikumasulira. Kunja kuli khungu, kumene timalimaku. Pansi pake pali mwala wotentha, wochindikala kwambiri. Pakati pali chitsulo, ndipo chili pawiri: chakunja n'chosungunuka, cham'kati n'cholimba ngakhale chimatentha koposa, chifukwa chapanikizidwa ndi kulemera kwa dziko lonse. Chosungunukacho sichikhala phee, chimatakasika, ndipo kutakasika kumeneko ndiko kumabala mphamvu ya maginito imene kasingano kamamvera. Mphamvu yomweyo imakuta dziko lonse ngati chishango chosaoneka. Kudzuwa kumachokera mphepo ina yoopsa imene ife sitiimva, ndipo chishangocho ndicho chimaipatutsa kuti isatikokolere mpweya wathu.

"Werenganso," anatero agogo. Ndinawerenganso. Maso awo ananyezimira. Sindinawaonepo choncho.

Ndinapitiriza. Maiko ena amene amazungulira dzuwa nawonso ali ndi chitsulo pakati. Lina, lofiira, lotchedwa Mazi, kalekale linali ndi mitsinje. Koma chitsulo chake chinasiya kutakasika, chishango chake chinatha, mpweya unapita pang'onopang'ono, madzi anauma. Lero kwatsala makwawa ouma okhaokha.

"Chikasiya kutakasika," anafunsa, "zinazo zimapita tsiku lomwelo?"

"Ayi, agogo. Pang'onopang'ono."

"Palibe chimene munthu angachite?"

"Silinanene."

Anayang'ana kukhomo la chipinda chimene munagona anganga. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati nditsegule patsogolo.

Tsamba lotsatira linkanena kuti migodi yakuya kwambiri imene anthu anakumbapo siinaboole n'khungu lomwe. Linkanenanso kuti kutentha kumawonjezeka pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu ayenera kutsika kutali zedi kuti akumve, ndipo pafupi ndi pamwamba nthaka imakhala yozizira, n'chifukwa chake madzi a m'chitsime amazizira ngakhale m'nyengo yotentha.

"Ndiye buku lakoli likuti ife tinali m'khungu?"

"Li-likutero, agogo."

"Li-li-likutero. Nanga za chitsime likuti chiyani?"

"Likuti mumazizira."

Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa bukulo poganiza kuti akufuna kuona chithunzi. Anang'amba tsambalo mosamala, mosapupuluma, analidula pakati, anathiramo fodya wawo wa chingambwe, anapichira, n'kuyatsa. "Amene analemba izi anatsikako?" anatero, utsi ukuwatsokomoletsa. "Iweyo unatsikako? Choka apa."

Kusukulu anandipatsa chibalo chotchetcha udzu chifukwa cha tsambalo. Mayi ataona matuza m'manja mwanga anandifunsa chimene chinalembedwapo. Nditawauza anati ndibwereze pa chitsime paja. Ndinabwereza. Anaseka kaseko kafupi, kouma, kamene sindinawamvepo akuseka, n'kupitiriza kupeta.

Pa matenda a anganga sindingathe kunena kuti agogo anali abwino kapena oipa. Kusambitsa, kutembenuza, kuchapa nsalu, zonse ankachita mayi. Phala la odwala likabwerera losadyedwa, agogo ankati libwere kwa iwo, ndipo nthawi zina ankalitenga anganga asanayese n'komwe. Pamaso pa anthu odzazonda ankanena mokweza kuti mayi ameneyu anapita kale, changotsala n'chikopa. Anganga ankamva. Misozi inkatsika diso limodzi. Koma masana onse agogo omwewo ankakhala pambali pa mphasa ndi kanthambi ka mango, kuingitsa ntchentche pankhope pa akazi awo, ndipo dzanja likatopa ankasinthira linalo.

Tsiku loika maliro a anganga, anthu akubalalika, agogo anatulutsa chitsulo chachitali chimene anabisa m'jekete n'kuchikhoma pansi pambali pa mandawo. Anati apa ndi pawo. Adzukulu, anyamata okumba manda, anachizula pomwepo n'kuchiponya m'tchire. A Lufeyo anangoti mkamwini sasankha pogona.

Kusudzula kunachitika chimanga chitalowa m'nkhokwe. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Kuchimuna kunabwera a Wiladi, mwana wa mlongo wawo wa agogo uja, ndi munthu wina mmodzi. A Wiladi anaonekeratu kuti katunduyu sakumufuna.

"Ifetu kwathu malo ndi ochepa," anatero. "Malumewa anachoka tisanabadwe. Owadziwa onse anagona. Ngati ana akuwafuna, akhale konkuno, ife tilibe nazo mawu."

A Lufeyo anakonza kolala. "Nafenso sitithamangitsa munthu. Ndife anthu opemphera. Koma mwambo sitinauyambe ndife. Ndiye poti alamu athuwa zaka zonsezi akhala akutiuza kuti funsani Feliya, funsani Feliya, lero timufunsadi."

Ena anaseka. Agogo nawo anamwetulira. Anakhala chotambalala, ndodo ili pakati pa miyendo, ngati munthu amene mlandu wamukomera kale. "Eya," anatero. "Feliya, auze."

Mayi anali atakhala pafupi nane. Ndinamva akupuma. Anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Apite kwawo."

"Ukuti chiyani?"

Apa mayi anadzutsa mutu. "Ndati mupite, bambo."

Agogo anayesa kuimirira koma chifuwa chinawagwira. Atatsokomola anati, "Nyumba iyi ndinamanga ndine. Malata awa ndinagula ndi mapapo angawa."

"Malata tengani, alamu," anatero a Lufeyo. "Dothi siyani."

Sabata isanathe anyamata anali atakwera padenga kukachotsa malata. Agogo anawakweza pa kabaza, mphasa yokulunga ili pamiyendo, ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo n'kumakuwa kuti a Kampasi asochera. Malata anatsatira pa ngolo. Ku Magomero a Wiladi anafolera nawo nyumba yawo, malume awo n'kuwaika m'khitchini ya udzu.

Ine ndinakhala masiku angapo osatha kuwayang'ana mayi kumaso. Iwo anaona. Tsiku lina tikutongola chimanga kuseri kwa nyumba anandilozera pakati pa nthochi, pamalo ena polowa pansi pang'ono, pamene sankatilola kusewera. Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chinali pamenepo. Ndinati ayi. Zimene ndikulemba apazi sindinazione ndekha. Ndikulemba monga anandiuzira, ndipo sanandiuzenso kachiwiri.

Chinali chaka cha chilala chachikulu, chimene anthu ankalandira chimanga chachikasu. Mayi anali kamtsikana, asanathe msinkhu. Zitsime za kudambo zitauma, agogo anayamba kukumba chawo pakhomo. Poyamba anthu anayamikira, poti munthu wa ku migodi amadziwa kukumba. Anakumba kupitirira pamene aliyense kuno anafikapo, madzi osapezeka. Anthu atayamba kuwaseka, iwo anasintha nkhani. Anati ngakhale madzi asatuluke, awaonetsa chinthu china: kuti pansi pamatentha. Anaitana amuna a m'mudzi, a Lufeyo ali pomwepo, kuti adzaone okha. Koma kumunsi dzenjelo linali litapanikiza, ndipo iwo ndi chifuwa chawo sankathanso kupumako. Anganga anali atapita ku Njuli kukaima pa mzere wa chimanga. Ndiye agogo anamanga mwana wawo, mayi angawo, chingwe m'chiuno n'kumutsitsa.

"Ndikutsika ndinkaona kumwamba kukuchepa," anatero mayi, "mpaka kunatsala ngati mbale. Nditaponda pansi bambo anandiuza kuti ndimasule chingwe kuti ndithe kuwerama. Ndinamasula. Kenako anakuwa kuti, gwira khoma, kukutentha kapena kukuzizira? Ine ndinali mwana wa Sande sukulu. Ndinati kukuzizira, bambo."

Kumwamba amuna anaseka. Mayi anamva mawu a atsibweni awo akuti mwana sanama. Kenako anaona chingwe chikukwera chokha.

"Ndinaganiza kuti akusewera. Anthu aja nawo anaganiza choncho, kapena anafuna kuganiza choncho. Ndinamva mawu awo akupita kutali, akusekabe. Atsibweni anapita nawo. Ndinaitana, ndinalira. Dothi linkagwera m'maso. M'mapazi munali matope ozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo munali tizinthu tinkandiyenda m'miyendo. Pakapita nthawi mutu wa bambo unkatseka mbale ija, n'kufunsa funso lomwelo. Ine n'kumati kukuzizira, chifukwa ndinkaganiza kuti akufuna ndinene zoona. Dzuwa linafika pamutu, linawala m'dzenjemo kanthawi kochepa, n'kudutsa. Mano anayamba kugundana. Apa m'pamene ndinazindikira."

"Munatani?"

"Ndinati kukutentha, bambo. Iwo anati, kukutentha ngati chiyani? Ndinati ngati mphika. Anati ndikweze mawu, amve ndi a kutsidya. Ndinakuwa. Chingwe chinatsika."

Atamutulutsa anamugwira dzanja n'kuyenda naye khomo ndi khomo, ali matope okhaokha, kuti abwereze pamaso pa aliyense amene anaseka. Anganga atabwera madzulo anakwirira dzenjelo okha ndi khasu, masiku angapo, osalankhula ndi munthu. Koma amuna awo sanawathamangitse. Mayi anati chimenechi n'chimene sanathe kuwakhululukira anganga, ndipo anawasambitsa mpaka tsiku lomaliza ali nacho mumtima.

Mayi anatola chitsononkho china n'kupitiriza kutongola. Ine m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mayi satseka chitseko cha bafa, ndiponso chifukwa chake mu minibasi amalimbana ndi kondakitala mpaka awapatse mpando wa pawindo.

Agogo ndinawaonanso kamodzi. Mayi anandipatsa ufa m'thumba ndi kabotolo ka mafuta a nyali kuti ndikasiye ku Magomero. Sananene kuti ndikawapatse moni. Ndinawapeza atakhala pakhomo la khitchini ija, ataonda mpaka jekete kuoneka ngati la munthu wina. Utsi wa m'khitchinimo unali utawawonjezera chifuwa. Ana a pakhomopo ankawatcha agogo a ku Njuli, ndipo ankawadumpha miyendo pothamangitsana. Akazi a a Wiladi analandira ufawo n'kulowa nawo m'nyumba ya malata.

"Namanyazi," anatero agogo. "Feliya wanena kuti ndibwerere liti?"

"Sananene, agogo."

"Anena. Ndi mwana womvera ameneyo. Amachedwa, koma amanena."

Ndinakhala pansi pambali pawo. Kenako ndinafunsa, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti mawu anatuluka. "Agogo, m'chitsime muja munkatenthadi?"

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndinaganiza kuti andimenya ndi ndodo.

"Ananena yekha," anatero. "Mudzi wonse unamva." Anatsokomola, analavula pambali. "Akanandilola kukumbabe, kukanatentha ndithu. Anakwirira ndi anganga ako."

Ponyamuka anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndikauze a Lufeyo kuti malo aja pambali pa Esinati asapatse munthu. Uthengawo ndinakaupereka kwa mayi. Mayi anati amva.

Anamwalira m'nyengo ya nandolo. Uthenga unabwera pa foni ya aneba. A Wiladi anafunsa ngati thupi lingabwere kuno, poti agogo ankanena zomwezo mpaka mawu kutha, ndiponso poti kwawoko matabwa ndi chakudya cha anthu zinali zovuta. A Lufeyo anati afunse mwana. Mayi anati aikidwe komweko, chakudya atumiza. Tinapita. Anthu anali ochepa, ndipo amene analankhula m'malo mwa banja anasokoneza dzina lawo. Mayi anakhala m'nyumba ya maliro pamodzi ndi amayi ena, anafunda chitenje kumutu, osalira. Dothi la kumeneko ndi lofiira, lofewa. Adzukulu anamaliza kukumba dzuwa lisanatenthe.

Sabata yatha tinamanga chiliza pa manda a anganga. Tsiku lotere amayi ndi atsikana timaloledwa kulowa kumanda, ndiye ndinawaona bwino malo aja. Ali pakati pa anganga ndi mtengo wa mthethe. Ndi okwana munthu mmodzi, wosanenepa. Panali masamba ouma, chulu chaching'ono chongoyamba kumene, ndi kanjira ka nyerere kodutsa chopingasa. Mmisiri ataona kuti ndi posalala anasesapo n'kusakanizirapo simenti yake.

Ntchito itatha, pemphero litachitika, a Lufeyo anayeza malowo ndi mapazi awo n'kunena moseka kuti apa ndi pawo kapena pa Feliya, amene ayambe.

"Ngati ndi ine, atsibweni," anatero mayi, "mudzawauze adzukulu asadzakumbe kwambiri. M'chiuno basi."

Amayi ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. A Lufeyo sanaseke. Anavala chipewa chawo n'kutsogola.

Ine ndinatsalira kutolera ndowa. Pamalopo panatsala simenti imene mmisiri sanaikokolole, yotuwa, yopyapyala ngati chikhokho cha mumphika, itakuta chulu chija ndi kanjira ka nyerere komwe. Pakati pake panali phazi limodzi la mayi, lakumanzere, lopanda nsapato, lolunjika kunjira yotulukira. Panopa iyenera kuti inauma. Udzu sumerapo chaka chino.